Kamtima ka Mbewa

Dzulo pamsewu wa ku Ludzi ndinadutsa anyamata ogulitsa mbewa, ndipo fungo la ubweya wowauka linandibwezera pakhonde la agogo amene anandilera.

Ndinali wamng'ono, amayi atangoikidwa kumene. Agogo anapha mbewa m'nkhokwe n'kuitumbula ndi lumo pomwepo. Anandionetsa matumbo onga ulusi, chiwindi, ndi timapapo tofiirira. Pakati pa timapapoto panali kanthu kochepa ngati nyemba, kakugunda.

"Agogo, si yafa iyi?"

"Yafa, mwanawe. Mtima ndiwo umachedwa kumva uthenga."

Ndinakayang'anitsitsa mpaka kanaleka. Kenako ndinaganiza za amayi. Kodi alipo amene anamvetsera pachifuwa pawo asanakhome bokosi?

Masana omwewo ndinazemba n'kupita kumanda, kumene ana saloledwa. Ndinagona pamtumbira wawo, khutu padothi lofunda. Ndinamva du, du, du. Ndinayamba kufukula ndi manja.

Agogo anandipeza zikhadabo zikuchucha magazi. Sanakalipe. Anatenga dzanja langa n'kuliika pachifuwa panga.

"Ukumvawo ndi uwu," anatero.

Lero ndikudziwa kuti ananena zoona, komabe sindinagonekenso khutu pansi.