Polishi pa Tayala la Atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene njinga yopinda inalowa m'nyumba mwathu ku Kamushanga, ku Kabwe, itakulungidwa m'saka ngati mbuzi yakuba. Anabwera nayo amalume a Lazalo, mlongo wawo wa amayi, amene ankakonza mafoni ndi mawailesi pamsika wa ku Makululu. Inali ya salaula, yogwiritsidwapo kale ntchito, utoto utasupuka, matayala ang'onoang'ono, ndipo pakati pake panali hinji ngati ya chitseko. Atate ataiona anaseka, nati mkulu wa mpingo wa ndevu zake sangakwere kanjinga ka mwana wa sukulu ya mkaka.

Kuseka kwawoko kunali kwa pakamwa chabe. Bondo lawo lakumanja linkawasautsa kuyambira tsiku limene anagwa pa lole akutsitsa matumba a feteleza. Iwo ndiwo ankasunga makiyi a nyumba ya katundu pa kampani ina m'tauni, ndipo chitseko chinkayenera kutsegulidwa seveni koloko, madalaivala asanayambe kuliza mahutala. Wapansi sankathanso kufika msanga, kupalasa njinga bondo linkatupa, ndipo minibasi siinyamuka isanadzaze ngakhale uilirire. Anali atalandira kale makalata awiri a chenjezo chifukwa chochedwa. Tonse m'nyumba, ngakhale ine mwana, tinkadziwa kuti kalata yachitatu idzakhala yowachotsa ntchito.

N'chifukwa chake amalume sanabwere ndi njinga yokha. M'katoni munali kamota kamagetsi, batire lolemera ngati njerwa, mawaya ndi timabawuti m'kapepala. Loweruka lonse anakhala pakhonde akumanga, ine nditawaunjirira mpaka kuwapumira m'khosi. Kamotako anakamangirira kuseri kwa chishalo, pamwamba pa tayala lakumbuyo. Kanali ndi kagudumu kake kokhakhala ngati sandipepala, kamene kankatsamira pa tayala, ndipo ukakanikiza kabatani pa chiwongolero ndi chala chachikulu, kagudumuko kankazungulira n'kumakankha tayala. Panalibe tcheni chatsopano kapena magiya. Tayala la mano anachotsa n'kuikapo losalala, analipopa mpaka kulimba gwa, ndipo pa hinji anasiya waya wolendewera pang'ono kuti asaduke njinga ikamapindidwa. Anapinda n'kutambasula kangapo akung'ung'udza nyimbo ya kwaya.

Atamaliza anaitana atate kuti awauze malamulo a chinthucho. Nthawi yomweyo amayi anandituma tomato kumsika, ndipo kwathu mwana akatumidwa sanena kuti dikirani ndimve kaye. Pobwera ndinapeza atate akudutsa mumsewu wathu miyendo ili phee, njinga ikulira ngati udzudzu, ana a mzere wonse akuwathamangira m'fumbi. Mkulu wa mpingo uja ankaseka mano onse pamtunda. Malamulo aja ndinawaphonya, ndipo sindinaganize zofunsa.

Tsono ine ndinali mwana wa polishi. Kusukulu masamu ankandizunguza, kuphika ndinkapsereza, koma pa zowalitsa panalibe wondiposa. Khonde lathu linali lofiira kuposa onse mumzere, ndipo nsapato za atate zinkaonetsa nkhope. Lamlungu masana, titachokera ku tchalitchi, atate ndi amayi anapita kukazonda wodwala ku Mukobeko. Nditamaliza nsapato za Lolemba ndinayang'ana njinga ija itapindidwa pakona, matayala ali mbuu ndi fumbi la Kabwe, ndipo mtima unandiwawa. Kodi atate akafike kuntchito tsiku loyamba ndi chinthu chotuwa chonchi? Pa siteshoni ndinkaona anyamata akupaka matayala a minibasi mpaka kuda bii. Ndinatenga polishi wakuda n'kupaka matayala onse awiri, m'mbali ndi pamwamba pomwe, osasiya malo. Kagudumu kokhakhala kaja ndinakamvera chisoni. Ndinkadziwa kuti makina alionse amafuna mafuta, choncho ndinatenga kabotolo ka mafuta a makina osokera a amayi n'kukadonthezera mosaumira. Ndinagona ndili wonyada kwambiri tsiku limenelo.

Lolemba atate anadzuka ali ndi nthawi yokwanira, mpaka anamwa tiyi atakhala pansi, chinthu chimene anali asanachite kwa miyezi. Anatambasula njinga, anatseka hinji, anayamikira kuwala kwake mosaganizira kanthu, n'kukwera pageti. Atakanikiza kabatani, mota inalira mokweza kuposa kale, koma njinga sinasunthe. Anayesanso. Kagudumu kankangozungulira pamalo amodzi, kakumwaza timadontho takuda pa thalauzi lawo lositidwa.

Amayi anayamba kudandaula za amalume ndi zinthu zawo za ku Makululu zimene zimagwira ntchito tsiku limodzi. Atate anatsika, anayang'ana wotchi, n'kundiuza kuti ndibweretse sipanala amasule mota aone chavuta m'kati. Ine ndinali nditaona kale madontho aja, ndipo fungo la polishi ndinkalidziwa kuposa wina aliyense. Ndinadziwa kuti ndikakhala chete, mlandu ugwera amalume ndipo palibe adzandiganizire. Ndinadziwanso kuti atate akayamba kumasula mota yopanda vuto, seveni koloko iwapeza pageti pomwepo. Ndinayenda masitepe awiri kukatenga sipanala, kenaka ndinabwerera.

"Adadi, osamasula. Ni ine. Nafakako polishi ku tayala, na mafuta ya mashini pa kawilo. Nenze nifuna imoneke mushe."

Amayi anagwira pakamwa, kenaka anayamba kunena za safunsa amene anadya phula. Atate anawaletsa ndi dzanja. Anagwada pa bondo lawo labwino, anapaka chala pa tayala, anachiyang'ana kwa kanthawi. Ndinkayembekezera mbama, ndipo ndikanailandira ndi manja awiri.

"Wachita bwino kukamba, Esinati," anatero. "Manje tenga burashi tisuke."

Tinatsuka ndi madzi otentha amene amayi anaphikira osamba, sopo waufa ndi mchenga wa pabwalo. Kagudumu tinakapukuta ndi parafini n'kukaumitsa ndi nsanza. Ine ndinkakwecha ndikulira, misozi ndi mamina pamodzi, manja akuda mpaka m'zigongono. Polishi amene ndinapaka ndi luso langa lonse sanafune kuchoka msanga. Pomaliza mota inayamba kugwira pang'ono, ikuterereka n'kugwiranso, ndipo atate ananyamuka akuithandiza ndi mapedulo, thupi litapendekera kumanzere populumutsa bondo lija. Sindinayang'ane wotchi chifukwa cha mantha.

Tsiku limenelo kusukulu sindinamve kanthu. Madzulo ndinawadikirira pageti, ndipo atangotulukira ndinawafunsa ngati anafika bwino. Anangoti, "Nafika," n'kundipatsa chikwama chawo. Asanalowe m'nyumba anatenga chala changa n'kuchiyendetsa pa kagudumu kaja, n'kundifotokozera zonse zimene amalume ananena ine ndili ku tomato: kuti mphamvu yonse imadutsa pamene kagudumu kakhudza tayala, kuti pamenepo sipafuna mafuta, polishi kapena matope, kuti mvula ikagwa munthu amapalasa yekha. Kenaka anandipatsa udindo. M'mawa uliwonse ndinkayenera kutsina tayala kuona ngati lili lolimba, kupukuta fumbi ndi nsanza youma, ndi kuchotsa batire pamagetsi. Ndinagwira ntchito imeneyo mpaka ndinapita ku sekondale yogonera komweko, ndipo atate sanachedwenso.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkainena ngati nthabwala, yothera poti atate anafika nthawi yake. Chaka chatha, ndili kwathu patchuthi, ndinainenanso tikuchapa ndi amayi, ndipo iwo anasiya kufinya chitenje n'kundiyang'ana. Anati tsopano ndakula, ndikhoza kumva. Lolemba lija atate anafika mochedwa kwambiri, malole atandandalika pageti la kampani. Kalata yachitatu inalembedwa. Anaimirira pamaso pa bwana wamng'ono kwa iwo, chipewa m'manja, n'kupepesa kuti kulakwa n'kwawo, osatchula mwana kapena polishi. Chifukwa cha zaka zawo pantchito, m'malo mowachotsa anawaimitsa kwa mlungu wathunthu. Mlungu umenewo, m'mawa uliwonse, ine ndinkatsina tayala monyadira, iwo ankavala yunifolomu, kunditsanzika, n'kupita kukakhala pabenchi ya amalume ku Makululu mpaka nthawi yoweruka. Amayi analetsedwa kundiuza.

Ndinasiya zochapa n'kupita kwa atate, amene anali pakhonde akuwerenga. Ndinawafunsa chifukwa chimene anandibisira. Anavula magalasi mosafulumira.

"Wenze wakamba zoona pamene zenze zovuta," anatero. "Sembe ninakuuza kuti zanidyela nchito, next time sembe unakhala chabe zii."

Ndili mwana ndinkaganiza kuti phunziro la tsiku lija linali kufunsa usanagwire chinthu cha eni, ndipo limenelo n'loona ndithu. Koma tsopano ndikumvetsa kuti atate anali ndi nkhawa ina yoposa ya ntchito. Anaona mwana wawo atabwerera yekha kudzaulula, ndipo sanafune kuti mwanayo adziwe msanga kuti kulakwa kwake kunawapweteka chotani, kuopa kuti angayambe kuopa pakamwa pake. Manyazi a mlungu wonse anawasenza okha pabenchi ya pamsika. Ine lero ndikalakwitsa kuntchito ndimanena nthawi yomweyo, anzanga mpaka amadabwa kuti sindiopa. Kulimba mtima kumeneko ndinkayesa n'kobadwa nako, osadziwa kuti pali munthu amene anakhala masiku asanu padzuwa kuti ndikhale nako.