Sitelingi wa ku Kawale ndi Thadzi la Chinkhoswe

Lolemba lapitali galu wa a Mbewe anadya thadzi la alamu anga ku Kawale. Anangosiya miyendo ndi tinthenga pansi pa mpanda.

Mwina mukuti nkhuku ndi nkhuku basi. Ayi ndithu. Loweruka likubwerali kuli chinkhoswe cha Tadala, mwana wa alamuwo, ndipo thadzilo ndi limene akuchikazi amayenera kukapereka posinthana ndi tambala wa akuchimuna. Mkamwini wawo si wina ayi, ndi Yamikani, mwana wa a Mbewe omwewo, eni galu, a kuseri kwa mpanda.

Vuto n'lakuti alamu anga, a Kamwendo, chipumireni pantchito amangokhalira mafilimu a nkhondo omasuliridwa m'Chichewa, aja amakaikitsa mu fulashi ku Biwi. Mukuwadziwa inu. Munthu wofatsa, zigawenga zimuphera m'bale wake. Alira pamanda mvula ikugwa. Kenako afukula mfuti zimene anakwirira kuseri kwa nyumba, n'kuyamba kuthana nazo zigawengazo mpaka kufika pa bwana wawo. Ameneyo ndiye sitelingi, mwini filimu, ndipo safa.

Lachitatu achemwali anga, akazi awo, anandiimbira foni. "Tabwera udzaone alamu ako. Akuti chinkhoswe chiime kaye mpaka atabwezera imfa ya nkhuku."

Ndinawapeza atavula malaya, mimba ili pamtunda, akunyamula zitini za penti zodzaza mchenga. Kumutu anali atamanga tayi wawo wa kutchalitchi. Tadala anali m'khitchini, maso atatupa ndi kulira, diresi lake litabwera kale kuchokera kwa telala. Anandimvetsa chisoni mwanayo.

"Alamu," anatero a Kamwendo osandiyang'ana n'komwe, "ine ndinazisiya kale izi. Andiputa okha."

Anazisiya ziti? Munthu wagwira ntchito yodinda makalata moyo wake wonse.

Ndisaname, nanenso mafilimuwa ndimawakonda. Mmenemo woipa amalangidwa iwe usanamalize chimanga chootcha chili m'manja. Mulibe "mubwere mawa", mulibe "bwana atuluka pang'ono". Ngati kondakitala wakutukwana m'mawa pa siteji anthu akuseka, madzulo umakhala pansi n'kuona wina akukumenyera anthu, mtima n'kutsika. Ngakhale magetsi azime filimu ili pakati, sudandaula kwambiri, mathero ukuwadziwa kale.

Koma bodza lake nalonso ndi losaneneka. Zipolopolo sizitha. Adani ali gulu, koma amabwera mmodzimmodzi ngati ali pamzere wa kuchigayo. Bwana wa zigawenga akamugwira sitelingi, m'malo momuwombera amayamba kulalikira.

Zonsezo ndimakhululuka. Chimene chimandinyansa n'chakuti sitelingi alibe aneba. Akaotcha nyumba amangoyenda chapatali osacheuka, nyimbo n'kuyamba. Ndani amasesa? Anyamata onse aja wawagwetsa, maliro awo amalira ndani? Kuno kwathu ukamenya munthu m'mawa, madzulo umva kuti ndi mphwake wa amayi amene umatunga madzi pampopi wawo. Ukatero usamba chiyani?

Ndinawauza zimenezi alamu. Anangoti, "Mufilimu iliyonse mumakhala wamantha mmodzi."

Lachinayi masana ananyamuka, tayi ali kumutu, ine pambuyo ngati mboni. Mawu anali atawaloweza kale, ndinawamva akuyeserera kubafa. Anagogoda pageti ndi chibakera.

Anatsegula ndi a Mbewe, kamunthu kakafupi, atavala silipasi zosiyana mitundu.

"Aa, asewere, lowani. Mayi, tabweretsani mipando. Mutu ukuwawa kodi, mwamangamo nsalu?"

Alamu anayasama. Mufilimu mdani amayenera kuseka mwachipongwe, osati kukupatsa mpando. Anakhala pansi. Galu uja anabwera n'kuwanyambita bondo.

"Manyazi ndi amene amandiletsa kubwera," anatero a Mbewe. "Pepani kwambiri. Komatu nkhuku yanu ija inandithera mpiru wonse kuseriku. Tsiku ndi tsiku imadumpha mpanda. Ine ndimangoti ndipirire chifukwa cha anawa, koma mumtima ndimaiphika ndi tomato."

Apo m'pamene ndinaona kuti nawonso a Mbewe anali ndi filimu yawo, ndipo mmenemo chigawenga chinali thadzi, bwana wake a Kamwendo.

Mayi Mbewe ananyamuka. Analowa m'khola, anatuluka ndi thadzi lonenepa, analimanga miyendo n'kuliika pamiyendo pa alamu. Sitelingi wathu anabwerera kwawo atakupatira nkhuku kukhwapa, tayi ali m'thumba.

"Mwabwezera?" anafunsa achemwali pakhomo.

"Ndawasiya ndi moyo," anatero alamu. Tadala anaseka koyamba sabata yonseyi.

Ndiye Loweruka chinkhoswe chilipo. Akuchikazi adzavina, nthungululu zili pakamwa, n'kupereka kwa a Mbewe nkhuku ya a Mbewe, ndipo onse adzaombera m'manja.

Inu amene mwasunga munthu kukhosi, mukunyamula zitini zanu mumtima kudikira tsiku lake, mwayamba mwafufuza kuti mwana wanu madzulo amacheza ndi mwana wa yani?