Makutu a Tikondwe Analibe Vuto

Kusesa pabwalo, kutsuka mbale, kutunga madzi kumjigo, kumangirira mbuzi kudambo, kenako kusamba n'kupita kusukulu. M'mawa uliwonse ku Chisepo, Manesi ankamuyalira mwana wake wamkazi Tikondwe ntchito zonsezi pakamodzi. Mwanayo ankavomera, n'kutenga tsache, n'kukapezeka atanjuta akuonerera nyerere.

Tsiku lina anatulutsa mbuzi n'kuiwala kuzimangirira. Zinaseseratu nazale ya fodya ya aneba.

"Sitandade 4 kawiri, mbuzi nazo zikumukanika," anatero bambo ake, a Festus. "Sukuluyo aisiye basi."

 Manesi nayenso anamusiyitsa sukulu ali mu Sitandade 5, ndipo ankadziwa kumene njira imeneyo imathera: pabanja, usanakhwime.

Poganiza kuti mwanayo ndi gonthi, anakwera naye kabaza kupita kuchipatala. Adokotala anaima kumbuyo kwa Tikondwe n'kunong'ona kuti, "Ndani akufuna chitumbuwa?" Mwana uja cheu!

"Mayi, makutu awa akuposa anga. Anabadwa miyezi itakwana?"

"Ayi, isanu ndi iwiri."

"Nanga kwanu kapena kuchimuna, alipo woiwalaiwala?"

Manesi anaseka. "Bambo akewo anapitapo kuchigayo n'kubwerako opanda ufa."

Adokotala anati si ulesi, si mwano, si kulodzedwa. Ana ena maganizo awo savuta kubalalika. Zimayenda m'magazi, ndipo zimakonda ana obadwa masiku asanakwane. Anyamata amadziwika msanga poti sakhazikika, koma atsikana ambiri amangoti phee, maganizo ali kutali, anthu n'kumati ndi opusa.

Manesi anafika kunyumba n'kuuza mwamuna wake kuti, "Bambo a Tiko, mwanayu watengera inu. Kodi inuyo tinakutayani?"

A Festus anangokanda m'mutu.

Kuyambira pamenepo, ntchito inali imodziimodzi. "Tiko, ndiyang'ane. Sesa. Ukamaliza ubwere." Manesi anakachonderera aphunzitsi kuti mwanayo azikhala kutsogolo, kutali ndi zenera. Madzulo Tikondwe ankawerenga ndime imodzi mokweza, n'kudzuka kukapatsa nkhuku madeya, n'kubwera kudzawerenga ina. Mayi ake mawu ambiri achingerezi sankawamva, koma ankakhala pompo.

Masiku ena zinkakanika, onse awiri n'kulira.

Zotsatira za Sitandade 8 zitatuluka, Tikondwe anasankhidwa kupita kusekondale. Manesi anagwira pakamwa, kumuyang'ana mwana wakeyo ngati akumuona koyamba. Mwana yemwe uja wa mbuzi!

Inu amayi anzanga, musafulumire kunena kuti mwana ndi mbuli. Kamuonetseni kuchipatala, ndipo ngakhale zitavuta, musagwe ulesi.

Kwa Manesi, izi sizinabwere zaulere ayi. Mbuzi ziwiri zinapita kwa aneba polipira fodya uja. Dimba lake linagona chaka chathunthu losalimidwa. Anzake ena a kumjigo, amene ankati akumulera mwana monyengerera, mpaka lero salankhulana naye. Ndipo Tikondwe amaiwalabe cholembera.