Pepala la Ba Shamakamba

Ntchito yanga yoyamba inali ya tsiku limodzi, koma mpaka lero imandilemera. Nditamaliza Giredi 12 ndinangokhala pakhomo ku Kafue Estates. Mlongo wanga ndiye anaona chidziwitso chakuti akufuna anthu othandiza pa chisankho. Ndinalemba kalata, ananditenga, ndipo titaphunzitsidwa ananditumiza kusukulu ina ku Chanyanya.

Tinakhala motsatana pamadesiki. Woyamba ankayang'ana reji, chiphaso cha unzika, ndi kadi yovotera, n'kudula dzina m'kaundula ndi rula. Wachiwiri ankapaka inki pachala chachikulu. Ine ndinkang'amba mapepala ovotera m'buku ndi kumenya chidindo kumbuyo kwake, chifukwa pepala lopanda chidindo siliwerengedwa. Mkulu wathu anali Ba Mweemba, mphunzitsi wosaseka wamba. M'mawa womwewo anandidzudzula pamaso pa anthu nditatsala pang'ono kupereka pepala losadinda. Kuyambira pamenepo ndinkazemba maso awo.

Cha m'ma 2 koloko, mzere utafika kumpanda, kunabwera Ba Shamakamba, msodzi wokalamba wa manja onjenjemera. Analowa m'kachipinda kovotera, koma posakhalitsa anabwerera padesiki yanga, pepala la khansala atalipinda.

"Mwana wanga, kwanja kwanitelemuka," anatero. "Nachonga pabili. Manje nichite bwanji?"

Yankho ndinkalidziwa bwinobwino. Pa maphunziro anatiuza kuti munthu akaononga pepala asanaliponye, ali ndi ufulu wolibweza. Mkulu wa siteshoni amalilemba kuti lafafanizidwa, amaliika mu envulopu yakeyake, ndipo wovotayo amalandira latsopano. Koma zimenezo zinafuna kuti ndiitane Ba Mweemba, ndipo anthu pamzere anali atayamba kung'ung'udza.

"Ikani chabe, ba tate," ndinatero. "Bazaona kwamene munafuna."

Anandithokoza, n'kuponya. Ba Mweemba anamva mawu anga omaliza ali kuseri kwanga, koma pepala linali litagwera kale m'bokosi. Sanakalipe. Anangoti, "Chikangena mu bokosi sichichoka. Mwabalanda voti ba mudala baja." Powerenga, ndinaliona likukwezedwa m'mwamba, zochonga ziwiri zokhotakhota, n'kuikidwa pamulu wa mapepala okanidwa.

Ndinadzitonthoza kuti voti imodzi sisintha kanthu. Mtima sunavomere. Madzi akatayika saoleka, ndipo owatayawo ndinali ine, osati chifukwa chosadziwa, koma chifukwa choopa kudzudzulidwa kawiri.

Patapita milungu ingapo ndinakumana nawo pamsika m'tauni, akugulitsa nsomba zouma panjinga. Anandizindikira ine ndisanawaone.

"Ba mavoti!" anatero akuseka. "Uyu mwana ananithandiza maningi." Anauza mayi wogulitsa tomato pambali pawo, kenako, nditagulako nsomba, anandiwonjezera ziwiri za mbasela.

Manyazi anandigwira. Ndikanatha kulandira n'kumapita, ndipo pang'ono nditero. Koma ndinawauza zonse, kuti pepala lawo linakanidwa, kuti anayenera kupatsidwa lina, ndiponso kuti ine ndinkadziwa.

Anayamba kukonza nsomba zimene zinali zokonzeka kale.

"Ndiye kuti pali khansala sininavote?"

"Simunavote, ba tate."

"Ninasiya maukonde pa manzi siku ija," anatero pang'onopang'ono. "Zaka faivi ni zambili ku muntu wa msinkhu wanga."

Ndinafuna kubweza mbasela ija, koma anaikankhira m'pulasitiki mwanga. Kunyumba anazidya ndi nshima, ine sindinazikhudze.

Chisankho chotsatira ndinagwiranso ntchito, pasukulu yomweyo. Aliyense amene ndinamupatsa pepala ndinamuuza kuti, "Mukalakwisa osaponya, bwelani tikupaseni ina." Anzanga ankati ndikuchedwetsa mzere, ine osawamvera. Tsiku lonse ndinkadzutsa mutu wokalamba aliyense akalowa pakhomo. Titatseka, ndinapempha kaundula kwa mnzanga wa rula. Dzina la Ba Shamakamba linalimo, losadulidwa.