Ndinabereka aMarcel Nyanja Ikubwerera

Ntchito yanga yoyamba yosamalira odwala ndinaipeza ndikugulitsa zitumbuwa pafupi ndi depoti ku Area 2. Kosi yosamalira okalamba ndinali nditamaliza, koma satifiketi inangogona m'sutikesi. Amuna anga anali atamwalira, ana awiri ali pasukulu, ine nditasowa mtengo wogwira. Mlonda wina wa ku Area 14, kasitomala wanga wa tsiku ndi tsiku, anandiuza kuti kumene amalondera akufuna munthu wosamalira mzungu wokalamba. "Koma awiri athawa kale," anandichenjeza. Ndinamuuza kuti ine kothawira ndilibe.

Nyumbayo inali ya Mayi Gondwe, akumpoto, ogwira ntchito m'boma ku City Centre, ndi amuna awo aPierre, a ku France. Odwalawo anali aMarcel, bambo awo a aPierre. Sitiroko inawapha mbali ya kumanzere, ndipo mwana wawo anakawatenga kuti azikhala nawo ku Lilongwe. Anali oonda, aukali, ndipo mutu wawo unkabwera n'kumapita. Lero andiitana bwinobwino kuti Felista, mawa andifunsa kuti ndine yani. Ankandikalipira m'Chifalansa, ine n'kumawabwezera m'Chichewa, basi tinkamvana choncho.

Ntchito yake inali kuwasambitsa ndi kathaulo, kusintha thewera, kuyeza bipi, kuwapaka mafuta m'zidendene ndi kuwatembenuza pabedi kuti asatuluke zilonda. Chovuta chinali kuwachotsa pabedi kuwaika pa wilitcheya. Umayamba wamanga mabuleki, kenako umawamanga lamba wonyamulira m'chiuno, bondo lako n'kutsekereza bondo lawo lofookalo, n'kutembenuka nawo pang'onopang'ono. Aphunzitsi athu kukosi ankabwereza mpaka kutopetsa: "Wodwala sanyamulidwa pamsana. Inu mudzathyoka, iye n'kugwa."

Chaka chitatha, aMarcel anayamba kulirira kwawo. Ankafuna akaone mudzi wawo asanafe. APierre anavomera, ndipo poti panalibe wina amene aMarcel ankalola kuti awagwire, anandikonzera mapepala nane. Ine wa zitumbuwa, m'ndege!

Mudziwo ndi waung'ono, uli m'mbali mwa nyanja ya mchere. Nyumba zake n'zamiyala, mawindo abuluu. Pamwamba pa phompho pali nsanja yoyera ya nyali yowongolera zombo, ndi kanjira kamene anthu abwinobwino amayendamo ndi ndodo ziwiri ngati odwala miyendo. Ena amapalasa njinga osapita kulikonse, achinyamata amakokedwa ndi makaiti pamwamba pa madzi. Masana awiri oyamba ndinawakankha aMarcel m'kanjirako. Pansi pathu panali mchenga wautali zedi, maboti atagona cham'mbali, madzi ali kutali uko, ndi katchalitchi pamwamba pa kachilumba ka miyala. Ndinaganiza kuti ndi chilimwe chawo. Mtsinje wa Lingadzi kwathu nawonso umaphwa mu Okotobala, n'kudikira mvula kuti adzaze. Kunali mphepo yozizira, choncho ndinkamanga chitenje pamwamba pa thalauzi. Mayi Gondwe ankandiseka: "Felista, mpaka kuno chitenje? Mukutichititsa manyazi."

Tsiku lachitatu Mayi ndi aPierre ananyamuka kupita kutauni kukagula mankhwala. Potuluka Mayi anati, "Akafuna kumchenga muwapititse. Muziwamvera, nyanjayi anakulira momwemo." Sananene china.

AMarcel anandilozera ndowa ndi kareki ka mano atatu kuseri kwa chitseko. Tinatsika ndi kanjira kolimba kamene mathirakitala amadutsa, tinawoloka kakhwawa kouma, n'kulowa pakati pa mchenga pamene anthu ambiri anali atawerama ndi ndowa zawo. Ankakumba nkhono za m'nyanja, zimene kumeneko ndi ndiwo yapamwamba. AMarcel anandiphunzitsa ndi chala: ukaona timabowo tiwiri toyandikana pamchenga wonyowa, palasa pamenepo, usazamitse. Zazing'ono ubwezere. Nditatulutsa yoyamba anaseka mpaka kutsokomola. Chiyambire ntchito ndinali ndisanawamvepo akuseka, ndipo atalozanso kutsogolo, cha ku kachilumba kuja, ndinakankha wilitcheya kuchoka pa kanjira kolimba.

Patapita nthawi anthu anayamba kunyamula ndowa zawo kubwerera kumtunda. Mayi wina anatikuwira chapatali akuloza wotchi ya pamkono pake. Ndinayang'ana aMarcel. Anagwedeza dzanja lawo labwinolo kuti musiyeni, nthawi ilipo. Munthu wamkulu, mwini mudzi, komanso abwana anali atandiuza kuti ndiziwamvera. Ndinaweramanso n'kupitiriza kupalasa.

Chinandidzutsa n'kuzizira kumapazi. Ndinayang'ana kutsogolo, madzi akubwera mwakachetechete, opanda mafunde, opanda phokoso, ngati wina wasiya mpopi wotsegula. Ndinatembenuka. Kakhwawa kouma kaja kanali mtsinje. Madzi anali atatizungulira kumbuyo, pakati pa ife ndi mudzi, ndipo pamchenga ponsepo tinatsala awiri basi.

Ndinamasula mabuleki n'kukoka wilitcheya. Osasuntha. Timatayala takutsogolo tinali titamira, ndipo ndikakoka mwamphamvu ndiye timalowerabe. Ndinaimbira Mayi Gondwe. "Mayi, madzi akubwera!" Anakuwa mpaka foni kusokosera: "Muli pamchenga mpaka pano? Yesu wanga! Thawani, Felista, ndikuimbira opulumutsa anthu, thawani!" Kuthawa bwanji ndi munthu wosayenda? Ndinawagwira aMarcel paphewa kuti andiuze njira, poti iwo ndiwo eni nyanja. Anandiyang'ana ndi maso achilendo aja n'kundifunsa kuti amayi awo ali kuti. Mutu unali utapita. Mayo ine, ndinalira mokweza ngati pamaliro.

Ndinayesa zakukosi. Ndinawaimika ndi lamba, bondo langa pa bondo lawo, koma mwendo wakufawo unangokhotera mumchenga, tonse tinatsala pang'ono kugwa. Ndinawakhazikanso. Madzi anali atafika m'akakolo. Pamenepo ndinamasula chitenje. Ndinagwada kutsogolo kwa wilitcheya nditawafulatira, ndinakokera mkono wawo wabwino paphewa langa, ndinawerama mpaka thupi lawo lonse linagona pamsana panga. Ndinaponya chitenje kumbuyo, mbali yapamwamba kudutsa m'khwapa mwawo n'kumanga pachifuwa panga, yapansi kukulunga matako awo n'kumanga pamimba. Ndinamanga mfundo ziwiri ziwiri. Ndinadzuka miyendo yawo ikulendewera m'mbali mwanga. Ndinabereka bambo a abwana anga ngati mwana wa miyezi isanu ndi umodzi.

Mumtsinje muja madzi anayambira m'mawondo, kenako m'ntchafu, kenako m'chiuno. Kuzizira kwake kunali koluma mafupa, ndipo ankakokera chammbali. Nsapato imodzi inatsala mumchenga. Ndinkakwakwaza mapazi osawanyamula, poopa kuti ndikanyamula limodzi tipita. Ndinkaganiza za ana anga kwa mchemwali wanga ku Kawale, kuti adzawauza ndani, ndipo adzawauza kuti mayi awo anafera chiyani. Nkhono? Ndisaname, ganizo loti ndikamasula mfundo ndipulumuka ndekha linandifikira. Koma aMarcel anali atatsamira tsaya lawo pakhosi panga, akupuma mofunda, dzanja lawo litagwira kolala yanga monga amachitira mwana akamagona kumbuyo. Mwana ali kumbuyo samasulidwa pakati pa mtsinje. Ndinkangokuwa, "Gwirani, agogo, gwirani!" m'Chichewa chimene sankamva.

Madzi atafika pansi pa mabere ndinamva injini. Bambo wina woweta nkhono, amene mayi wokuwa uja anakamuuza, analowetsa thirakitala yake m'madzi mpaka matayala kubisika. Anatambasula dzanja n'kutikokera pa ngolo ya thirakitalayo tonse awiri pamodzi, poti kutilekanitsa kunakanika. Mfundo zinali zitanyowa n'kulimba. Kumtunda anachita kudula chitenje changa ndi mpeni.

Madzulo ake, dokotala atawaona aMarcel n'kunena kuti ali bwino, Mayi Gondwe anakhala nane pansi maso ali ofiira. "Felista, bwanji simunafunse?"

"Ndikanafunsa chiyani, mayi?"

APierre anati, "Koma aliyense amadziwa kuti nyanja imabwerera kawiri patsiku."

Apa mkwiyo unandikwera. Ndinati, "Aliyense wa kuti, bwana? Ine wa ku Lilongwe, amene madzi ambiri amene ndinawaonapo ndi a pa mlatho wa ku Old Town?" Mayi anagwira pakamwa. Kenako anati nawonso ulendo wawo woyamba anachita kuuzidwa, koma anali ataiwala kuti anauzidwa. M'mawa mwake ndinakasuzumira pawindo la kuchipinda kwa abwana, lokhalo loyang'ana kunyanja. Pamene tinkakumba nkhono paja pankayenda maboti, ndipo wilitcheya sinaonekenso.

AMarcel anamwalira chaka chotsatira ku Area 14, pabedi pawo, ine ndili pambali. Ntchitoyi ndikuigwirabe. Amati safunsa anadya phula, koma ungafunse bwanji chinthu chimene sukudziwa n'komwe kuti chilipo? Choncho ndikafika panyumba yatsopano, ndisanaone ndi wodwala yemwe, ndimafunsa eni ake kuti, "Pano n'chiyani chimene aliyense amadziwa, chimene simungaganize zondiuza?"

Ambiri amaseka. Mwezi wathawu ku Area 47 mayi wina anati, "Aaa, palibe." Ndinafunsanso, chikwama changa pamiyendo, chitenje chili m'kati monga mwa masiku onse. Anaganiza, kenako nkhope inasintha.

"Kungoti amayi anga odwalawo akamva bingu amatsegula geti n'kuthamangira kumsewu. Koma zimenezo aliyense amadziwa."

Kunja mitambo inali itayamba kale kuda.