A Levulo ndi Thabwa la Batala

Dzina loti Levulo, la kachipangizo koyezera ngati khoma lawongoka, anawapatsa ndi anzawo akuntchito, ndipo sikunali kuwayamikira ayi. Munthu ameneyu ankatopetsa. Zaka makumi anayi akupaka pulasitala m'nyumba za anthu, sanavomerepo kuti khoma latha asanaliyang'ane chammbali, tsaya ataligunditsa pakhomapo, diso limodzi atatsinzina. Akapeza kadzenje koti ngakhale nyerere singapunthwepo, ankatsika pamakwerero n'kukasakanizanso simenti. Omanga ankawatukwana chamumtima, opaka penti ankawadalitsa. Akapita kuchipatala kukazonda wodwala, ankayamba aona kaye khoma, wodwalayo pambuyo.

Nyumba imodzi yokha ndi imene anaipaka popanda wowathamangitsa: yawo. Inali ya zipinda zitatu, ndipo inawatengera zaka zisanu ndi chimodzi, Loweruka ndi Loweruka, akazi awo akuwapatsira ndowa ya simenti. Mayiwo atamwalira, a Levulo analembetsa nyumbayo m'dzina la mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana amene anali atakula kale n'kukhala namwino, poopa kuti abale angadzamuvutitse iwo atatsikira kulichete. Anapitiriza kukhalamo okha, kudziphikira okha, ndi kukangana ndi wailesi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Sitiroko inawapeza m'mawa wina akumanga zingwe za nsapato. Mwendo unabwerera, pakamwa panawongoka, koma dzanja lamanja linatsala likunjenjemera ngati la munthu wozizidwa. Namwino uja anawatengera kwake, kunyumba yam'mwamba kumene ankakhala ndi mwamuna wake, munthu wofatsa wokonza makompyuta amene mawu ake ambiri anali "zoona, bambo."

"Dzanjali likangoyamba kumvera, adadi, mubwerera kwanu," anatero namwinoyo tsiku lofika.

Mwana amalankhula kuti atonthoze, kholo limamva ngati pangano. Miyezi isanu ndi itatu a Levulo anakhalira mawu amenewo. M'mawa ankafinya kampira mpaka thukuta. Masana ankatola nyemba imodziimodzi kuchoka m'mbale kuika m'kapu, zikatha n'kuzikhuthula, kuyambiranso. Batani la malaya ankalimbana nalo ngati mdani. Kunyumbako sankasowa kanthu, tisanamizire ana a eni. Koma nyimbo ya m'nyumbamo inali imodzi: "Khalani pansi, adadi." Akati atsuke kapu, khalani pansi. Akati asese, khalani pansi. Ndiye ankakhaladi pansi, moyang'anana ndi khoma la pabalaza limene amene analipaka anayenera kumangidwa.

Loweruka lina kunali koti kubwera alendo cha m'ma 3 koloko masana. Namwino anadzuka wosakhazikika. Kawiri konse anaima pakhomo la chipinda chawo n'kuyamba kuti, "Adadi," kenako n'kumaliza kuti, "mwamwa mankhwala?" A Levulo anangoti mwina ndi mabwana a kuntchito.

Kukhitchini anapeza mwana wawo atayala zinthu patebulo: thabwa latsopano lodulirapo zinthu, batala wofewa mbale yodzaza, timasamba tonunkhira tamitundu itatu, adyo, ndimu, uchi ndi mchere wamiyalamiyala.

"Zimenezi ndiye chiyani?"

"Zoyambira alendo, adadi. Ndinaziona pafoni. Batalayu timapaka pathabwapa, n'kuwazapo timasambati, makoko a ndimu opalapala, adyo wowotcha ndi uchi. Aliyense amangonyema buledi n'kumakombapo."

"Mbale zatha m'nyumba muno?"

"Ndi mmene akuchitira masiku ano."

"Ndipatse ndipake."

Anayembekezera nyimbo ija. Koma namwinoyo anawayang'ana kanthawi, n'kuwakankhira thabwalo ndi mpeni wopanda mano. "Mungopaka basi. Ine ndithamange ndikagule buledi."

Kumuuza munthu wa pulasitala kuti angopaka basi. Chitseko chitangotsekeka, a Levulo anapinda manja a malaya. Anathira madzi otentha m'kapu, n'kuviikamo mpeni. Anaika batala m'makona anayi kaye, monga amayambira khoma, kenako n'kudzaza pakati. M'mbali monse anasiya mpata wa chala chimodzi. Poyamba dzanja lamanzere linagwirizira lamanja pamfundo, ndipo mpeni unkasiya timizere ta kunjenjemera. Anapukuta mpeni, kuuviikanso, kukokanso. Ulendo wachisanu anachotsa dzanja lamanzere lija n'kuliika kumbuyo.

Mpeni unayenda kuchoka kumapeto kufika kumapeto osadodoma.

Anakoka kachiwiri kuti atsimikize. Kenako anawerama, kugunditsa tsaya patebulo, kutsinzina diso limodzi. Batala anali see, wopanda kadzenje, wopanda kaphiri, kuwala kwa pawindo kukutsetsereka pamwamba pake. Mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri anaseka yekha m'khitchini ya eni, misozi ikulengeza. Anayamba kuwerenga m'mutu zoti alongedze: malaya anayi, wailesi, mankhwala. Kampira kaja akasiya, alibe nako ntchito.

Namwino analowa ndi buledi kukhwapa, maso ali pawotchi.

"Iii, adadi, si choncho."

A Levulo asanatsegule pakamwa, mwana anali atatola supuni. Ndi kumbuyo kwake anakanda batala uja uku ndi uku, kupotoza, kukumba, kanayi kapena kasanu basi. Ntchito ya mphindi makumi anayi inasanduka msewu wa matope.

"Pamafunika timaenje," anatero, "kuti uchi ukhazikikemo. Pakasalala umangoyenderera."

"Koma unaona?"

"Ndinaona, adadi."

"Dzanja lake ndi ili. Lokha, popanda kuligwirizira."

Namwino sanadzutse mutu. Anawaza timasamba, anawaza makoko a ndimu, anadontheza uchi m'timaenje take tija. Mkazi amene kuntchito amauza anthu nkhani za imfa osaphethira analephera kuyang'ana bambo ake kumaso. Zinawapweteka a Levulo, koma anadzitonthoza. Batala ndi wa alendo, awononge mmene angafunire. Chachikulu waona.

Alendo sanali mabwana. Anali mphunzitsi wachinyamata wa magalasi ndi mkazi wake woyembekezera, anthu aulemu, ogwira chanza ndi manja awiri. Anakhala mozungulira katebulo ka pabalaza, thabwa lili pakati. Kunena zoona linkaoneka bwino, lobiriwira ndi lachikasu, fungo la adyo ndi ndimu lili guu. Mkamwini ananyema buledi, alendo anakomba, anayamikira. A Levulo anatenga kachidutswa ndi dzanja lamanja, mwadala, pang'onopang'ono, kuti aliyense aone.

"Ndiye bambo ake ndi inuyo," anatero mkazi wa mphunzitsi, akupukuta uchi pachala. "Tamva kuti nyumba ija munaimanga nokha. Ine tsiku loyamba ndinangoyenda ndikusisita makoma. Makiyi tinalandira Lachitatu, koma mpaka pano sindikukhulupirira kuti ndi yathu."

Mkamwini anasiya kutafuna. Mphunzitsi anayang'ana namwino, kenako a Levulo, n'kuvula magalasi ake.

"Kodi sanakuuzeni kuti anatigulitsa nyumbayo?"

"Adadi," anatero namwino, "ndimafuna muwaone kaye, mudziwe kuti ndi anthu abwino. Ndayesa kukuuzani kuyambira mwezi watha. Simungakhalenso nokha. Adokotala anati sitiroko ikhoza kubweranso, ndipo ikadzakupezani muli nokha, ndidzakupezani patatha masiku angati? Amayi ndinawataya ndili pantchito. Inu ayi."

Sankanama, ndipo a Levulo anadziwa kuti sakunama. Ndi chimene chinapweteka kwambiri, chifukwa panalibe woti amukalipire. Nyumba anaipereka okha ndi siginecha yawo. Koma mtima unasweka ndithu, osati chifukwa cha njerwa zokha. Anaganiza za nyemba zija. Miyezi isanu ndi itatu akutola nyemba ngati nkhuku, mwana akudutsa n'kumati "mukuyesetsa, adadi," akudziwa kuti mayeso amenewa alibe wokhoza.

"Unalonjeza," anatero motsitsa.

"Ndinalonjeza. Pepani."

Kachidutswa ka buledi kanali kadakali m'dzanja lawo, ndipo dzanjalo linali litayambiranso kunjenjemera. Anakaika pambale. Mkazi wa mphunzitsi anali atagwira pakamwa, akulira mwakachetechete, ndipo a Levulo anamumvera chisoni. Mwana wa eni anangobwera kudzadya batala.

"Musalire, mayi, mungavutitse ali m'mimbayo. Nyumba imafuna anthu." Kenako anatembenukira kwa mphunzitsi. "Aphunzitsi, ndipemphe chinthu chimodzi."

"Nenani, bambo."

"Kukhitchini, kuseri kwa chitseko, chapamwamba pang'ono pa chiuno, pali kadzenje. Tsiku limene ndinkapaka khoma limenelo, mayi ake a mwanayu anaterereka ndi ndowa, n'kugunda pulasitala wamuwisi ndi chigongono. Anaseka mpaka kukhala pansi. Anati, tiye tione ngati ukonze. Moyo wanga wonse ndi malo okhawo amene ndinawasiya. Pentani mmene mungafunire, gwetsani chimene mungagwetse. Pokhapo mupasiye."

Namwino anadzutsa mutu. Anakulira m'nyumba imeneyo, koma nkhaniyi ankaimva koyamba.

Mphunzitsi anatembenuza magalasi ake m'manja, kuwapinda, kuwatambasula. Anali munthu woona mtima, mwatsoka.

"Bambo, pepani kwambiri. Tinkayesa ndi powonongeka. Tinaitana munthu dzulo, wapatseka."

Panja galimoto ina inkalephera kulira, mwini wake akuiyesa mobwerezabwereza. A Levulo anayang'ana manja awo nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Wasalaza bwino?" anafunsa.