Balani ya kumapeto

Ntchito ya fodya ndinaipeza chifukwa cha miyendo yanga yaitali. Mlamu wanga ananditengera pa famu ina kufupi ndi Mvurwi, folomani Zuze n'kundiyang'ana ngati akugula mbuzi. "Uyu ndi makwerero. Azipachika m'mwamba."

Kupachika kwake n'kotere: ukwera m'balani, nyumba yaitali yowotcheramo fodya, mwendo pa mtanda uwu, wina pa uwo, anzako pansi akukupatsira ndodo za fodya wosoka. Mukadzaza, mutseka chitseko, musonkha moto m'ng'anjo, mapaipi atenthe pang'onopang'ono mpaka tsamba lichite chikasu.

Zuze uja anali ndi matenda atatu. Kunyada kunali m'mayendedwe, pachifuwa ngati nkhukundembo. Matama anali pakamwa: fodya yense wabwino anawotcha ndiye, woipa ndife. Mwano ndiwo unali waukulu, chifukwa matama amangosokosa, koma mwano umafuna munthu woti umugwere.

Pa balani ya kumapeto aliyense ankati "odi" asanalowe. Kale munagwa munthu wopachika fodya n'kufera momwemo, ndipo akuluakulu ankati sanatulukemo. Zuze analetsa. "Amene ndimumve akuodira nyumba yopanda munthu, atenge bulangete lake azipita."

Tsiku lina tinkapachika m'balani yomweyo masana, dzuwa lili phwee. Ntchito ndinkaifuna, moyonso ndinkaufuna, choncho odi wanga ndinamunena ngati ndikutsokomola. Nditafika pa mtanda wapamwamba, Zuze anamenya chitseko ndi jombo.

"Mwini balani ndine! Ngati alipo wina, ayankhe!"

"Ndilipo."

Mawuwo anali ofatsa, ngati a munthu amene wamudzutsa. Anachokera pamwamba pa mutu wanga, pomwe pali malata okha. Mwendo wanga unaterereka, ndipo china chake chozizira chinandigwira pa kakolo n'kubwezera phazi pa mtanda. Anzanga onse anali pansi, ndinawaona.

Zuze anatsegula pakamwa, koma munangotuluka mpweya. Kuyambira pamenepo ankayankhula monong'ona, ndipo ankaodira chilichonse, ngakhale khola la nkhuku.

Adzukulu anga amati, "Sekuru, munayankha ndinu, timakudziwani." Kunama ndimanama, sindikana. Koma tsikulo ndinali nditaluma chingwe cha fodya m'mano.

Famuyo anadzaigawa kwa anthu, balaniyo ilibenso denga. Ndikamadutsa popita ku maganyu ndimavulabe chipewa. Kudzitama ndimadzitama ku mowa, pomwe ndikuona onse amene akundimva.